Mlendo wa kwa Laston

Laston Mbewe ankapala matope kunsapato zake zamumgodi pamene munthu wa kalembera analowa pampanda, buku lalikulu lili m'khwapa. Mwezi wonse komboni ya Chimwemwe inali itadzaza ndi mphekesera yakuti Chitaganya chikangotha, obadwira ku Nyasaland adzachotsedwa ntchito. Amene anayambitsa nkhaniyo sankadziwika, koma munthu wa ana asanu sadikira umboni kuti achite mantha.

"Mwapoleni mukwai. Ndine Wilfred, mphunzitsi," anatero mlendoyo, atalonjera m'chilankhulo cha kumeneko. "Tilemba aliyense amene anagona muno, zaka zake ndi kumene anabadwira."

"Kobadwirako mufuna kuchita nako chiyani?" anafunsa Laston.

"Obwera m'dziko muno salowera pageti imodzi, bambo. Ambiri amadzera m'tchire. Ndiye tifunsa khomo ndi khomo, tiphatikize, tione ngati achuluka kapena achepa. Ni manambala chabe."

"Nkhuku nazo amayamba aziwerenga asanapite nazo kumsika," anatero Anastasia, mkazi wa Laston, osadzutsa mutu pa zochapa zake.

Patsinde pa mpapaya, pamphasa, panakhala a Nicodemus, bambo ake a Laston. Anabwera kuchokera ku Dowa miyezi itatu yapitayo kudzaonetsa maso kuchipatala. Zaka zonse zimene anthu akumudzi ankati Laston ndi mchona, iwo okha ndiwo ankamuikira kumbuyo.

"Tiyambe na imwe," anatero Wilfred kwa Laston. "Zaka?"

"Fote."

"Munabadwira kuti?"

Laston anaona nyumba, anaona ana ake, ndipo dala sanayang'ane kumpapaya.

"Ku Fort Jameson, m'dziko mom'muno."

Pensulo inayenda, nkhani n'kutha. Bodza lake linali lopepuka chonchi, ndipo zimenezo zinamuwawa. Wilfred analemba Anastasia ndi ana, kenaka anakanjuta pafupi ndi mphasa ija.

"Nanga imwe atate?"

"Ine ndine wa ku Dowa, ku Nyasaland," anatero a Nicodemus momveka bwino. "Mchombo wanga uli komweko, ndipo manda anga adzakhala komweko. Lembani zimenezo."

"Eni nyumba ni ndani wanu?"

Nkhope za Laston ndi a Nicodemus zinali ngati nyemba za m'khoko limodzi, ndipo Wilfred sanali wakhungu. Mkuluyo anatembenuzira maso ake otuwa kumene kunali mwana wake.

"Ndine mlendo chabe. Anandisunga mwachifundo. Kuno ndilibe mwana."

Wilfred anayang'ana wina, nayang'ana mnzake, kenaka analemba zimene anauzidwa n'kutsanzika. Anastasia anasiya kuchapa, manja ali m'madzi.

Laston anapita kukagwada pamphasa.

"Bambo, ndinachitira ana."

"Ndamva. Inenso ndachitira mwana," anayankha mkuluyo. "Usadandaule, ntchito yako yatsala."

Anafufuza ndodo yawo ndi dzanja, naimirira okha, kukana mkono umene Laston anawapatsa.

"Mawa ukandifunsire basi. Maso awa sadzaonanso, ndingopita."

"Dikirani mwezi uthe, bambo."

"Iyayi. Ulendo wakwathu umadzera pa Fort Jameson, si choncho? Ndikatsika pang'ono, ndikapondeko kumene unabadwira."