Mizere ya Tsitsi Papepala Lotchipa

Mayi wina woluka tsitsi ankafuna kupachika zithunzi za ntchito yake pakhoma la saluni, kuti makasitomala azisankha okha sitayilo. Zithunzizo zinali mufoni, koma atazisindikiza kunyumba papepala wamba, mitu yonse inangotuluka bii ngati mapoto opserera.

Kusitolo ya mapepala anamuonetsa onyezimira amitundu iwiri: okhuthala a mtengo woboola m'thumba, ndi opyapyala otchipa.

"Otchipawa sapaka inki m'manja?" anafunsa.

"Ayi mayi, bola muziwasiya aume kaye," anatero wogulitsayo.

Anatenga otchipawo, koma njira yonse mtima unali m'mwamba, poganiza kuti mwina wangotaya ndalama.

Mayiyo atafika kunyumba, mwamuna wake anachotsa mbale patebulo n'kulumikiza pulinta. Pepala linayamba kutuluka pang'onopang'ono, mayiyo manja ali kumbuyo kuopa kuligwira lisanaume. Chinali chithunzi cha mng'ono wake. Mzere uliwonse wa tsitsi unkaoneka bwinobwino, ngakhale timikanda tofiira tomwe anamangirira kumapeto.

Anadziponya pampando, mtima n'kukhala pansi. "Bambo a mwana, taonani! Ndi manja angatu awa."

Bamboyo ananyamula pepalalo m'mphepete, n'kuliyang'anitsitsa pafupi ndi windo. "Zatulukadi bwino. Koma mlamu wangayu bwanji nkhope ili ngati akufuna kulira?"

"Tsiku limenelo ndinamukoka tsitsi kwambiri," anayankha mayiyo akuseka, uku akulowetsa pepala lina.