Njerwa 10,007 za Ada Longwe

Ada Longwe, bambo a ku Kande m'mbali mwa nyanja, anamwalira mu Seputembala, atawumba njerwa koma asanaziwotche. Anasiya ana atatu: Jacob, Jobe ndi mlongo wawo wamng'ono Vanessa, amene anali atabwerera pakhomo banja litatha. Vanessa ankagona ndi ana ake m'khitchini yodontha, ndipo njerwazo ankazifuna kuti amange kanyumba mvula isanagwe.

Anaziwerenga masiku atatu, mzere ndi mzere, akulemba ndi khala pakhoma. Zinakwana 10,007.

Jobe anati satema chikuni chowotchera ngakhale chimodzi asanadziwe gawo lake, ndiponso magawowo afanane ndendende. Jacob anagwirizana naye, koyamba chibadwire.

Vanessa anapita kwa a Gresham, mphunzitsi wa masamu wochokera ku Dedza. Iwo anagawa nambalayo patatu, zinatsala ziwiri. Anayesa panayi, kuti mwina azakhali a anawo alowepo, zinatsala zitatu. Anapitiriza ndi 7, 11, 13, mpaka 97, pepala n'kudzaza, tiyi n'kuzizira. Atamaliza anamwetulira.

"Amayi, mwandibweretsera chinthu chokongola. Nambala iyi siyenda ziwiriziwiri, zitatuzitatu, kaya zingatizingati. Mukazindandalika 100 uku, 100 uku, zitsala zisanu ndi ziwiri. Timaitcha pulayimu, ndipo ukadutsa 10,000 yoyamba ndi imeneyi."

"Ndiye tigawane bwanji, ada?"

"Atenge zonse munthu mmodzi. Apo ayi, mupeze anthu 10,007."

Vanessa anathokoza n'kubwerera wapansi.

Anauza alongo ake kuti ziwiri zotsalazo atenge iwo, imodziimodzi. Jacob anakana, ati anthu kutchalitchi adzanena kuti anadyera mlongo wawo masuku pamutu. Nanga ziwirizo atenge Vanessa? Jobe anafunsa ngati wamng'ono anayamba waposapo akulu ake. Zoziswa kapena kuzitaya m'nyanja anakana onse awiri: pa njerwazo panali zala za bambo awo.

Okutobala anatha, Novembala naye. Vanessa anafunditsa muluwo ndi udzu komanso mapulasitiki akale, nkhuni akutola yekha, koma zokwana uvuni wonse sakanazitha.

Mvula inabwera pa 9 Disembala masana, mphepo n'kuyamba yaulutsa mapulasitiki aja. Inagwa masiku atatu. Vanessa anaima pakhomo la khitchini, mwana kumsana, akuona madzi ofiira akutsika kudutsa m'munda wa chinangwa kulowera kunyanja. Panalibe chogwira.

Dzuwa litatuluka anafukula pakati pa matope n'kuwerenga njerwa zamoyo. Zinali 612. Apa sanafune mphunzitsi: aliyense 204, yotsala palibe.

Alongo ake anabwera ndi wilibala.

"Mwaona, achemwali," anatero Jobe, "zatheka popanda wodandaula."

Vanessa anayala zake pansi m'khitchini muja, n'kuikapo mphasa, kuti ana asagone m'madzi.