Mchombo wa M'nyumba ya Lendi

A Mathias anali ndi nyumba yawoyawo ku Nancholi, ya zidina, denga lake la madebe a palafini. Inali ndi zipinda zitatu, ndipo chosadontha ankagonamo eni ake. Chakumapeto anachititsa lendi kwa Laban, wonyamula mabelo a thonje ku Ginnery Corner, ndi mkazi wake Sellina.

M'chaka chachitatu cha Chitaganya kunafika kalata yoti mwana wa a Mathias akubwerera kuchokera ku Halale ndi mkazi. Laban anauzidwa kuti pofika Loweruka akhale atatuluka. Lachinayi Sellina anabereka mwana wamkazi m'chipinda momwemo.

Tsono mayi wa m'chikuta satuluka m'nyumba mchombo wa khanda usanagwe. A Mathias anali mkulu wa mpingo, koma mwambo umenewu analibe nawo mtima wouyesa. M'mawa uliwonse ankangoima pakhomo, chipewa m'manja.

"Odi. Wagwa?"

"Sunagwe, bambo," ankayankha Sellina ali mkati.

Mchombowo unagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Sellina anaumanga pa nsonga ya nsalu yake, osauza munthu. Laban akaweruka ankayenda wapansi ku Ndirande, ku Soche, mpaka ku Limbe kusaka chipinda. Konseko ankapeza amuna asanu akugona chipinda chimodzi, wachisanu ndi chimodzi akudikira pakhonde.

Patatha masabata atatu, a Mathias anayamba kuuza anzawo kutchalitchi kuti ana a masiku a Chitaganya akubadwa ndi michombo yamakani. Kenako anatuma akazi awo, a Gertrude, amene anabereka ana asanu ndi atatu. Mayiwo analowa, anafunyulula khandalo n'kuona pamimba patapola kalekale. Anamuyang'ana Sellina nthawi yaitali, n'kutuluka.

"Watsala pang'ono," anawauza amuna awo.

Bodzalo linagwira ntchito sabata imodzi. Kenako wa ku Halale uja anafika ndi masutikesi anayi, n'kuwaunjika pakhomo pa Laban.

"Mwana wanga, ndanama mokwanira," anatero a Gertrude kwa Sellina. "Bwera nawo mchombowo, tikaukwirire kuseriku, mutuluke bwino."

A Mathias anamva ali pakhonde.

"Kuseri kwa yani? Mukakwirira pamenepo, mawa mwanayo adzati kwawo ndi kuno. Akakwirire kwawo."

Laban anangoti zikomo. Makolo ake anachokera ku dziko la Apwitikizi, anakhala pa esiteti ya mzungu ku Thyolo mpaka anathamangitsidwa, ndipo makolo a Sellina chimodzimodzi. Kwawo kokakwirirako kunalibe. Kunena zoona, mawu a Mathias anawawawa kuposa kutulutsidwako.

Anapeza malo ku Ndirande, m'khitchini ya munthu. Atachoka pamenepo anakhalanso nyumba zina ziwiri. Mwanayo, Ida, anayamba kuyenda, anayamba kulankhula. Sellina akamachapa nsalu ija ankamasula kamfundoko, n'kuika mchombowo pamwala, nsalu ikauma n'kuumanganso.