Nkhope ya Mpiringidzo

Pofika Lachitatu masana, Penta anali atafufuta nkhope ya mlamu wake kachiwiri, ndipo khoma la pageti yaikulu ya bwalo la mpira linali mbuu ndi laimu. Anatsika pamakwerero, n'kuwoloka msewu, n'kutsinzina diso limodzi, n'kubwerera, n'kukweranso, n'kutsikanso. Womuona akanati waponda linthumbu.

Ntchito yake inali yolemba zikwangwani, ndipo sanali wongoyeserera ayi. Mitu yonse yojambulidwa pamakomo a ometa tsitsi m'tauniyo inali ya dzanja lake. Tambala wa pasitolo yogulitsa zakudya za nkhuku analinso wake, ndipo anthu ankalumbira kuti tambalayo amakutsata ndi diso. Ndiye zitheka bwanji kuti munthu wojambula tambala wamoyo alephere nkhope imene wakhala akudya nayo mbale imodzi zaka zonsezi?

Mlamu wakeyo, mwamuna wa mlongo wake, ndiye anali Mpiringidzo, wotchinga kumbuyo wa timu ya m'tauniyo, wovala nambala faifi. Anasewera timu imodzimodziyo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. M'zaka zonsezo anagoletsa zigoli ziwiri, ndipo chimodzi mwa ziwirizo chinali chodzimwetsa. Loweruka likudzalo anali masewero ake omaliza, ndiye komiti inagwirizana kuti ajambulidwe pakhomalo. Wapampando wa timu anavomera cham'mero, poti kampani ina ya sopo inkalifuna khoma lomwelo.

“A Penta, timvane,” anatero Wapampando tsiku lopereka ntchito. “Loweruka mageti akamatsegulidwa, ndione munthu woti aliyense amuzindikire popanda kumuuza. Apo biii, Lolemba pakhomapa pakhala sopo.”

Penta anaseka tsiku limenelo, ndipo kwa mlongo wake anakadziguguda pachifuwa. “Achemwali, zimenezi siyirani ine.”

Nkhope yoyamba anaitengera pachithunzi cha ukwati. Mayi wina wodutsa anaima, n'kufunsa mwaulemu kuti msonkhano wa abusawa uyamba liti. Yachiwiri anaitengera pachiphaso. Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, “A Penta, amenewa akuimira chipani chanji?” Minibasi yonse inafa ndi phwete. Penta anamva manyazi mpaka kumapazi, ndipo kenaka anapsa mtima, poti manyazi a mmisiri sachedwa kusanduka mkwiyo.

Dzuwa lisanalowe anali atafika kwa mlongo wake. Anapeza mlamu wake ali pakhonde, bondo atalikulunga m'thaulo lonyowa. Anamukhazika pampando, n'kumutembenuzira kowala, n'kuyamba kumuyeza mphuno ndi pensulo.

“Alamu, nkhope yanuyi anaiumba atatopa, tsiku loweruka ntchito. Ilibe pogwira.”

“Nanga achemwali anuwa anagwira pati?” anayankha Mpiringidzo osaseka n'komwe. Anali munthu wa mawu ochepa, wakuti ukamufunsa za masewero amangoti zinayenda. “Ingojambulani mpira, alamu. Mpira aliyense amaudziwa.”

“Musamumvere ameneyu, achimwene,” mlongo wake anayankhula ali pakhomo. “Anzake anapita kumatimu a ndalama, anamanga nyumba. Uyu anatsala, ndipo chimene watulukamo nacho ndi bondo ili. Khoma lokhalo asamumane.”

Penta anatsalira chakudya chamadzulo. Anadya osamva kukoma.

Lachinayi analawirira. Anajambula mosapupuluma: chipsera cha pachikope, khutu lopindika, dzino lobenthuka, imvi zitatu za pandevu. Pofika masana nkhopeyo inali ikupuma. Mlongo wake podutsa kuchokera kumsika anagwira pakamwa n'kunena kuti ndi yemweyo, wangotsala kupempha madzi osamba. Penta anatsika pamakwerero mtima uli m'malo, koyamba sabata yonseyo.

Apo ndi pamene panatulukira Mayi wa Belu. Mayi ameneyu aliyense ankawadziwa. Kwa zaka zosawerengeka ankaima kuseri kwa golo ndi belu lakale la kusukulu, ndipo nyimbo zonse za ochemerera ankayambitsa ndi iwo. Anaima, anayang'ana khomalo kuchokera pamwamba mpaka pansi.

“Mwajambula bwino, bambo. Koma ndi ndani?”

Penta anaponya burashi m'chitini, penti n'kumuthovukira pathalauza. “Mayi, inunso? Inu amene mumaimba dzina lake sabata ndi sabata? Mkazi wake wachoka pano posachedwapa, wamuzindikira!”

“Mkazi wake amagona naye nyumba imodzi. Ine ndimangomudziwa pabwalo.” Mayiwo anapendeketsa mutu. “Kani ali ndi ndevu? Ayi ndithu, sindinkadziwa. Kodi inu mpira mumaonera pati?”

Penta analoza mbali ya mthunzi. Zoona zake n'zakuti mpira sankaukonda kwenikweni. Akapita, ankakhala kumbali, pamthunzi, ndi tikiti yaulere ya achibale, n'kumawerenga zikwangwani za amisiri anzake kuti aone amene walemba mokhota.

“Ndinadziwa,” anatero mayiwo. “Safunsa anadya phula. Tiyeni, anyamata akukonzekera m'katimu.”

Anamulowetsa pakageti kakang'ono, n'kumutengera kuseri kwa golo. Kumeneko kunalibe mipando kapena denga, koma mtunda wa dothi lopondekapondeka ndi waya wadzimbiri. Penta ankangoyang'ana dzuwa, kuwerengera maola amene akumuthera.

“Lekani kuyang'ana kumwamba. Yang'anani apo.”

Anayang'ana. Kutsogolo kwa goloboyi kunali msana. Msana waukulu, nambala faifi itayamba kusuluka, phewa lamanzere lotsika pang'ono chifukwa cha fupa limene linathyoka kalekale. Sitokeni imodzi inali yogwa. Khosi linali lakuda ndi dzuwa, lopindikira kutsogolo. Anyamata akutsogolo atayamba kubwera ndi mpira, msanawo sunabwerere m'mbuyo. Dzanja lamanja linangozembera kumbuyo, n'kukhala pachiuno, chikhatho chili chotambasula.

“Mwaliona dzanjalo?” Mayiwo anamugwira Penta pamkono. “Limene lija ndi lathu. Adani akamabwera, ife kuno mitima ili m'mwamba, iye amatiikira dzanja kumbuyo kutiuza kuti khazikikani, ndilipo. Tikaliona timapuma. Ana anabadwa, anakula, anakwatira akuliona dzanja limenelo.”

“Ndiye nkhope yake simunaionepo?”

“Tikaionera kuti? Amene amationetsa nkhope ndi ogoletsa zigoli, akamathamangira kuno kudzavina. Tawaona ambiri, okongola, ena ndaiwala ndi maina omwe. Amenewo msana wawo tinauona kamodzi, tsiku lonyamuka kupita kumatimu ena. Uyu wakhala akutipatsa msana zaka zonsezi chifukwa maso ake ali kumene kukuchokera mavuto. Ngakhale chaka chimene timu inatuluka m'ligi, tinatsala anthu osakwana basi imodzi kuno, msana uwu unali pomwepo.”

Zala za Penta zinali zitayamba kale kuyenda pathalauza, kujambula phewa lotsika lija. Anabwerera pageti chothamanga, koma atafika pansi pa nkhope ija anaima. Inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene anagwirapo. Anaizungulira, anakhala pachitini, anadzuka, anakagula madzi, osamwa. Akaifufuta, latsala tsiku limodzi, ndipo penti yofiira yatsala pansi pa chitini. Akaisiya, Wapampando adzaimitsa munthu mmodzi pamsewu, munthuyo n'kunena kuti ndi abusa. Komanso kujambula munthu atafulatira anthu olowa pageti, si mwano umenewo? Anachita mantha, osati pang'ono.

Anaviika burashi yaikulu mulaimu, n'kuyambira pachipsera cha pachikope.

Lachisanu lonse sanatsike pamakwerero kupatula posuntha. Anamangirira lona kutsogolo kuti odutsa asamuyankhulitse. Penti yofiira ya jezi anaisungunula mpaka inatsala pang'ono kukhala madzi, ndipo zinamuthandiza, poti jezi ya mlamu wake inali yosuluka kale. Dzanja lija analijambula katatu. Mlongo wake atabwera ndi chakudya anamukaniza kusuzumira, ndipo anabwerera akung'ung'udza kuti amisiri onse mitu yawo siyenda bwino.

Loweruka m'mawa pageti panadzaza. Wapampando anabwera atavala suti, ndipo pambali pake panali bambo wina wa kukampani ya sopo, amene ankayeza khomalo ndi maso ngati nyama ya pabutchala. Mpiringidzo anaima kumbuyo ndi mkazi wake, chikwama cha nsapato chili paphewa. Penta anakoka chingwe, lona n'kugwa.

Pakhomapo panali msana wa nambala faifi, dzanja lili kumbuyo.

“A Penta!” Wapampando anafuula, mitsempha ya m'khosi itaima. “Ichi n'chiyani? Ndinati nkhope! Mwatijambulira munthu wotifulatira, pageti yathu yomwe? Alendo aziti chiyani?”

Penta anaona mlongo wake akumuyang'ana ndi maso ofunsa, ndipo analakalaka nthaka itang'ambika.

Kenaka belu linalira. Linalira kamodzi, kawiri, ndipo kuchokera kumzere wa matikiti otchipa kunamveka mawu a mwamuna wina wosasa: “Mpiringidzo!” Anthu anasiya mzere. Madala ena anavula zipewa. Wina anaika dzanja lamanja kumbuyo, chikhatho chotambasula, mnzake n'kutsatira, mpaka msewu wonse unadzaza anthu oika manja kumbuyo, akuimba nyimbo ya nambala faifi. Minibasi zinaima. Kondakitala uja anatulutsa mutu, ndipo ulendo uno sanafunse za chipani.

Wapampando anali munthu wodziwa kumene mphepo ikulowera. Anayang'ana khamulo, anakonza tayi, n'kuyamba kuomba m'manja, akuuza bambo wa sopo uja kuti maganizo amenewa anachokera kukomiti.

Penta anapuma. Anadzipanikiza m'khamumo mpaka kukafika pamene panali mlamu wake, akuyembekezera kachipongwe ka masiku onse. Koma Mpiringidzo anali chiimire, maso ali pakhoma.

“Ndimaoneka chonchi, alamu?”

“Ndinu ameneyo. Simunadzionepo kumbuyo, eti?”

“Dzanjalo mwalitenga kuti?”

“Kwa eni ake. Akuti ndi limene mumawauza nalo kuti akhazikike.”

Mpiringidzo anawerama, n'kuyankhula motsitsa kuti amve ndi awiri okhawo, Penta ndi mlongo wake.

“Palibe amene ndinkamuuza kanthu. Dzanja limeneli limanjenjemera, alamu. Kuyambira tsiku loyamba. Ndikaona anthu akubwera ndi mpira, mantha amandigwira, ndiye ndimalibisa kumbuyo kuti adani asalione. Ndinkayesa kuti kumbuyoko kulibe amene akuona.”

“Masewero alionse?” anafunsa mkazi wake.

“Alionse.”

Mkaziyo anamuyang'ana mwamuna wake ngati wamuona koyamba, misozi ili lengelenge. Penta anamva chisoni, ndipo anachita manyazi kuti wamuvula mlamu wake pamsewu, pakhoma lotalika ngati nyumba.

“Penti yatsalako pang'ono,” anatero. “Lolemba ndikhoza kulibweza dzanjalo kutsogolo.”

Mpiringidzo anayang'ana msewu uja wodzaza manja otambasula. Anayang'ana Mayi wa Belu, amene ankaimba maso ali pakhoma, osadziwa kuti mwini msanawo waima pafupi nawo.

“Lisiyeni,” anatero. “Si langanso.”

Anakweza chikwama chake, n'kulowa pakageti ka osewera.

Masana amenewo Penta anapatsa munthu wina tikiti yake ya pamthunzi, n'kupita kuseri kwa golo, mlongo wake ali pambuyo. Anakanirira pawaya wadzimbiri uja. Oyimbira ataliza wezulo, adani anabwera ndi mpira, atatu nthawi imodzi. Dzanja lija linazembera kumbuyo, ndipo anthu onse pamtundapo anapumira limodzi. Penta anayang'anitsitsa zalazo. Zinkanjenjemeradi. Koma mapazi sanasunthe.