Tchuthi cha Walije ku Busan

Fraser analowa osagogoda, makiyi a galimoto ya abwana ake ali m'manja. Mlongo wake wamng'ono, Walije, anali atakhala pabedi m'chipinda chake ku Al Muntazah, mumzinda wa Doha, akupaka mafuta mapazi otupa.

"Ndiye n'zoona," anatero Fraser. "Anthu amapita kwawo pa leave. Iwe wapita ku Korea."

"Khalani pansi, achimwene."

"Ndikhale chifukwa chiyani? Amayi ku Ntcheu anasesa nyumba, anauza mpingo wonse kuti mwana wawo akubwera."

Walije ankakonza zipinda pa hotela ina. Pa tchuthi china cham'mbuyomo anapita kumudzi, koma anathera kuphika pamaliro ndi kumvetsera madandaulo a achibale. Anabwerera ku Doha atatopa kuposa mmene anachokera. Ulendo uno anavutikira visa, n'kupeza tikiti yotchipa yopita ku Busan, mzinda wa doko wa ku Korea umene ankangouona pafoni. Kwawo sananene.

Zainabu, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, anasuzumira ali pabedi la pamwamba.

"Musamukalipire kwambiri, a Fraser. Walangidwa kale. Walipira kuti akagone pa ma-bunk bed, mabedi osanjikiza ngati athu omwewa."

"Anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi," anavomera Walije. "Wina ankaliza mkonono ngati chigayo."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero Fraser, "m'kati muli nyerere."

Walije anafuna kufotokoza bwino. Anafika mvula ikugwa, ambulera alibe. Zilembo za m'misewu sanathe kuwerenga ngakhale chimodzi, ndipo basi inamupitirira naye mpaka kudoko, kumene makina aatali ngati akadyamsonga ankanyamula makontena. Mzindawo unali wa mapiri okhaokha, nyumba zosanjikizana, masitepe osatha. Chakudya cha m'malesitilanti chinali chodula, choncho ankangodya ma-noodles a m'kapu ataimirira m'sitolo, tsabola akumutulutsa misozi.

"Ndiye unapitiranji?"

"Dikirani ndimalize. M'mawa wina ndinalowa mumsika wa nsomba. Zamoyo, achimwene, zikuphiriphitha m'mabeseni. Mayi wina wovala majombo anaona kuti ndanyowa. Anasuntha pabenchi, n'kundipatsa msuzi wotentha. Sitinamvane liwu lililonse. Ndinangokhala, ndikuyang'ana sitima zikulowa. Palibe anandiitana kuti yalla, fulumira, bweretsa ma-towel. Palibe anandifunsa kuti ndamubweretsera chiyani."

"Msuzi," anatero Fraser. "Wasiya amayi ako chifukwa cha msuzi."

Walije anatseka botolo la mafuta mwamphamvu. Chibwerereni, aliyense ankangomufunsa mtengo wa tikiti, kapena ngati ku Korea ntchito zikupezeka. Zimene anaona palibe ankafuna kumva, ndipo iye mwini akazinena zinkamveka zazing'ono.

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," anatero Zainabu.

"Inu mukhale chete, izi n'zapabanja." Fraser anatembenukira kwa mlongo wake. "Tamva. Ine ndawauza kale amayi kuti supervisor anakukaniza leave. Akaimba, unene zomwezo. Khalas, nkhani yatha."

"Mwawanamiza?"

"Ndakubisira manyazi."

"Sindinabe kanthu, achimwene. Tchuthi chinali changa."

"Kawauze choncho, uone."

Walije anatenga foni yake. Kenako anaimbira amayi. Fraser anatambasula dzanja kuti amulande, koma mayi awo anali atayankha kale.

"Mwana wanga, pepa. Ndamva zimene akuchitawo kuntchito. Anthu opanda chifundo."

"Amayi, sanandikanize. Leave anandipatsa. Ndinapita dziko lina, ku Korea, kukangoona. Ndinali nditatopa."

 Kumbali inayo kunkamveka mbuzi ikulira chapatali. Walije anadikira kukalipiridwa, mwinanso kulira, ndipo anali atakonzeka kupepesa.

"Ndiye wapumula?" anafunsa mayiwo.

"Pang'ono."

"Chabwino. Ine ndikupita kudimba, dzuwa lakwera."

Foni inaduka. Fraser anapukusa mutu n'kutuluka, abwana ake anali akumudikira ku Al Aziziya. Zainabu anatsika pabedi mwakachetechete kukatereka madzi a tiyi.

Walije anawaimbiranso amayi. Foni inaitana mpaka inasiya yokha.