Woponda Ngodya

Anthu a mumsewu mwawo ankawatchula kuti a Masofa, chifukwa ntchito yawo inali yokonza mipando: kusenda nsalu yakutha, kusintha siponji, kukoka nsalu yatsopano mpaka makwinya onse atha. Mtsikana wa m'nyumba mwawo yekha ndiye sankawatchula choncho. Iye ankati "ankolo," ndipo nthawi zambiri ankapeza njira yolankhula nawo osawatchula n'komwe.

Anali mwana womupeza. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo mayi ake atakwatiwa ndi a Masofa, mtsikanayo anabwera ndi chikwama cha zovala, mabuku a kusukulu ndi mkeka wapulasitiki wovinirapo. Mkekawo unali ndi mivi inayi, wakutsogolo, wakumbuyo, wakumanja ndi wakumanzere, komanso chingwe cholowa m'kabokosi ka gemu pansi pa TV. Nyimbo ikayamba, mivi inkakwera pa sikirini, ndipo wovinayo ankayenera kuponda muvi woyenera pa nthawi yake. Mapazi a mtsikanayu ankathamanga moti mayi ake anamupatsa dzina loti Kamphepo.

Tsono azakhali ake, alongo awo a malemu aja, anali atapempha kuti sukulu ikatsekera, mwanayo asamuke akakhale kwa iwo, kutali, ulendo wa basi wa tsiku lonse. Mayi ake anati asankhe yekha, si khanda. Kamphepo sanavomere, sanakanenso, koma a Masofa anaona kuti chikwama chija chatsika pamwamba pa kabati ndipo chakhala pafupi ndi bedi. Iwo ankafuna kuti mwanayo akhale. Koma ankaona kuti mawu otere sayenera kutuluka pakamwa pawo. Azakhali ndi magazi ake, ndipo ankamukonda moona. Iwo anali ndani?

Tsiku lina akuchokera kuntchito, anamva chinthu chikugwa m'chipinda chochezera. Anapeza Kamphepo ali pansi, wagwira chigongono, mkeka utakwinyika kumapazi kwake. Simenti ya m'nyumbamo inali yosalala, ndipo selotepi imene mtsikanayo ankamata m'mbali mwa mkeka inali itamatuka.

Mayi ake anatuluka kukhitchini akadali ndi yunifolomu ya kubekari.

"Ndinanena ine! Chinthu ichi chidzakuthyola mwendo. Mawa chikatayidwe."

A Masofa anatola mkekawo n'kuuyang'ana mmene amayang'anira mpando wobwera kudzakonzedwa. Pulasitiki inali itang'ambika m'mapindo monse. Chimene chinawadabwitsa chinali ngodya yakumbuyo chakumanzere, pamalo opanda muvi, pomwe wovina saponda. Pamenepo ndi pamene panali poperepeseka kwambiri, utoto utatheratu. 

"Sungakonzeke?" anafunsa Kamphepo, maso ali pa mkeka.

Aka kanali koyamba kuwafunsa za ntchito ya manja awo, ndipo anafunitsitsa kuyankha kuti ungakonzeke.

"Nsaluyi ndikanasoka. Koma timawaya ta m'kati taduka m'mapindomu. Ndikati ndikonza, ndikunamiza." Anauika pansi mkekawo. "Loweruka tipite tonse tikaone wina. Wolimba."

"Inu?" anatero akazi awo. "Munthu amene pa ukwati wanu womwe munangogwedeza phewa limodzi, mukasankha mkeka wovinirapo?"

"Ine ndikaona msoko. Zovinazo mwini wake alipo."

Sitolo ya zamagetsi inali yopapatiza, yodzaza mpaka kudenga, ndipo wogulitsa anali mayi wa magalasi okwezedwa pamphumi, wolankhula ngati wailesi. Anayala mikeka pa matailosi patsogolo pa TV yoyesera.

"Uwu ndi wopinda, wopepuka, umalowa ngakhale m'chikwama cha sukulu. Uwu ndi wa siponji m'kati, uli ndi zipi. Koma bambo, nkhope yanuyo ndi ya munthu wofuna chinthu chosatha. Bwerani kuno."

Wachitatuwo sunali mkeka kwenikweni. Linali thabwa lochindikala, m'mbali muli chitsulo, mivi ili pansi pa pulasitiki yolimba ngati galasi. Pouyala pansi anachita kunyamulirana awiri.

"Uwu mwana wanu adzavinapo, zidzukulu zidzavinapo. Ukaikidwa pansi, sugwedera ngakhale muupondetse ng'ombe."

A Masofa anayang'ana Kamphepo kuti aone ngati akonza mawu akuti "mwana wanu." Mtsikanayo anali akuwerenga zolembedwa pa bokosi lina.

A Masofa anagwada n'kuyamba ntchito yawo. Wopinda uja anangoutsina ndi zala n'kuusiya: unali mphwake wa wakunyumba uja. Wa siponji anatsegula zipi, anatulutsa siponjiyo, anaifinya m'dzanja n'kuona mmene ikubwerera. Anatsata msoko ndi chikhadabo mpaka pamene chingwe chimalowera, chifukwa chinthu chilichonse chimayamba kutha pamene cholimba chakumana ndi chofewa. Anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anagogoda thabwa lija ndi nkhonya, ndipo nkhope yawo inawala.

"Iyi ndiye ntchito," anatero. "Amene anapanga ili sankathamangira kuweruka."

"Ndiye mwaona ndi manja," anatero wogulitsa. "Koma pamenepa savinapo ndi manja. Vulani nsapato."

"Ine? Ayi, mayi, wovina ndi uyu."

"Uyu ndi nthenga. Ine ndikufuna munthu wolemera, muone nokha kulimba kwake. Vulani."

Anavula. Chala chachikulu cha kumanja chinasuzumira pa sokosi, ndipo anayesa kuchibisa pansi pa phazi linalo, koma wogulitsa anali atachiona kale.

"Chimenecho chisiyeni chipume mpweya, chikuthandizani kuona mivi."

Nyimbo inayamba. Muvi woyamba unakwera, unafika, unapita, a Masofa akadali kuganiza kuti kumanzere ndi kuti. Ataponda, anaponda mwamphamvu ngati akupha chinkhanira, muvi wina utadutsa kale. Manja anali atawatambasula ngati munthu wowoloka pa mtengo.

"Kumbuyo, ankolo! Kumbuyo! Osatembenuka thupi lonse, phazi lokha!"

Anatembenuka thupi lonse, n'kupezeka ayang'ana kukhomo, TV ili kumsana. Kamphepo anagwira pakamwa, koma kuseka kunatulukira m'mphuno, kenako anangokusiya. A Masofa anatsika akupuma mwamphamvu, thukuta lili pamphumi. Kuseka kumeneko ankakumva kokha kudzera pakhoma, mtsikanayo akamacheza ndi mayi ake.

"Thabwali lapirira," anatero. "Tsopano yesa iwe."

Kamphepo anakwera pathabwa ndipo anasankha nyimbo yothamanga. Mapazi ake ankagunda ngati mvula padenga la malata, ndipo thabwalo silinasunthe ngakhale pang'ono. Anthu awiri amene ankaona mafoni anasiya n'kutembenuka. Nyimbo itatha, anatsika.

"Lili bwino," anatero, koma mawu ake anali a munthu amene wapatsidwa mankhwala.

"Yesanso wa siponjiwu," anatero a Masofa. Sankakonda kugamula nkhani mbali ina isanamveke.

Pa wa siponji anavina momasuka, mawondo akulandira bwino kufewa kwake. Koma matailosi anali oterera, ndipo nyimbo itafika pothamanga, mkeka unayamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera ku TV. A Masofa sanaganize n'komwe. Kuntchito, akamadula nsalu yaitali pansi, amaipondereza ndi phazi kuti isathawe. Anasendera, n'kuika phazi la sokosi yobooka lija pa ngodya yakumbuyo chakumanzere. Mkeka unaima.

Kamphepo anaphonya muvi umodzi, kenako wachiwiri. Anapitiriza mpaka nyimbo inatha, koma sanayang'ane zimene wapeza pa sikirini. Anayang'ana phazilo.

"Adadi ankaponda pomwepo," anatero motsitsa mawu.

A Masofa anakumbukira ngodya yoperepeseka ija.

"Mkeka uja unkathawa kuyambira tsiku loyamba. Ndiye akabwera kuntchito ankaima pamenepo, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kumandiuza kuti ndaphonya ngakhale ndisanaphonye. Kuvina sankatha. Ankaposa inuyo pang'ono pokha." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Selotepi ndinayamba iwo atapita."

Phazi la a Masofa linalemera. Kulichotsa kunaoneka ngati kuthawa, kulisiya kunaoneka ngati kulanda malo a mwini. Analichotsa pang'onopang'ono.

"Pepa, mwana wanga. Sindinadziwe."

Wogulitsa uja anatsitsa magalasi pamaso n'kupita kukakonza mabokosi amene sankafunika kukonzedwa.

A Masofa anakhala pa kampando n'kuyamba kuvala nsapato, kuti manja akhale ndi chochita. Anayang'ana thabwa lija. Tsopano anaona chimene sanafune kuona poyamba: analikonda chifukwa silikanakwera basi. 

"Tamvera," anatero. "Thabwali ndi lolimba, koma si la paulendo. Wa siponjiwu nawonso ndi wovuta kunyamula. Ngati ukupita kwa azakhali, titenge wopindawu. Ndiumatira mphira pansi kuti usamaterere, ndilimbitsa m'mapindo, ndikusokeranso kachikwama kake. Sukhalitsa ngati enawa, koma ukafika nawo. Azakhali ako ndi munthu wabwino. Usasankhe mkeka poopa kundikhumudwitsa ine."

 Kamphepo anagwada pafupi ndi wa siponji, n'kumasewera ndi zipi, kutsegula, kutseka.

"Siponjiyi ikaphwa?"

"Timasintha. Kuntchito ilipo yabwino kuposa iyi."

"Ikaphwanso?"

"Timasinthanso."

"Zipi ikafa?"

"Zipi ndi chakudya changa cha tsiku ndi tsiku."

"Ndiye wolimba ndi uwu," anatero mtsikanayo. "Thabwalo likadzasweka, mudzalitani? Sindinu kalipentala."

"Anawa!" anafuula wogulitsa ali kuseri kwa mabokosi. "Ine ndimafuna kugulitsa chachikulu, iye wandiphera msika." Anabwerera akupukuta manja. "Chabwino, wa siponji. Ndikupatsani timphira tomata pansi, kuti usamayende pa simenti."

"Ayi, timphirato tisiyeni," anatero Kamphepo.

"Iwe, chigongono chako chija sichinapole," anatero a Masofa. "Pansi pa kwathu ukupadziwa."

"Ndiye muziponda."

A Masofa anasiya chingwe cha nsapato chili chosamanga.

"Ine ndimaweruka madzulo."

"Ndizidikira. Homuweki ndizipangiratu."

"Nanga sukulu ikatsekera?"

"Ikatsekera ndiye ndimavina kwambiri. Mudzatopa ndinu." Anaimirira, akuyang'ana kumbali. "Kwa azakhali ndikapita kukacheza, ndikabwerako. Ndiwaimbira ndekha, ndiwafotokozera bwinobwino. Kumene kuja pansi ndi pa kapeti, mkeka suthawa."

A Masofa anawerama n'kumanga chingwe cha nsapato nthawi yaitali kuposa mmene chingwe chimafunira. Timphira tija anatilandirabe n'kutiika m'thumba la malaya, chifukwa tsiku lina akhoza kuchedwa kuntchito, ndipo mwana wa mapazi otere sadikira mpaka kalekale. Kamphepo anaona, sanatsutse.

Anatuluka atanyamula bokosi awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, ngakhale silinali lolemera moti n'kufuna anthu awiri.

Kunyumba anapeza mayi ake atabwera kumene. Anayang'ana bokosi, anayang'ana amuna awo, anayang'ananso mwana.

"Ndimayesa mubwera ndi chitseko chachitsulo. Mwagula chofewa?"

"Wasankha mwini wake."

"Amayi, ankolo avina m'sitolo. Pa anthu. Anafulatira TV."

"Ndi sokosi iti?" Anawayang'ana kumapazi. "Musandiuze kuti ndi ija ndinati mutaye ija. Mwandichititsa manyazi tauni yonse, bambo inu."

Kamphepo analowa kuchipinda ndi mkeka wakale uja. Anaupinda motsata mapindo ake ong'ambika, ngodya yoperepeseka ili m'kati, n'kuuika m'chikwama chimene chinali pafupi ndi bedi. Kenako anasuzumira pakhomo.

"Ankolo, kabatiyi yanditalikira. Tandikwezerani."

A Masofa anakweza chikwamacho pamwamba pa kabati n'kuchikankhira kukhoma. Akazi awo anali ataima pakhomo akuonerera.

Mkeka watsopano anauyala patsogolo pa TV, fungo la siponji yatsopano likudzaza chipinda. Kamphepo anaima pakati, akusankha nyimbo. A Masofa anavula nsapato n'kuima pa ngodya yakumanja, osati yakumanzere imene inali ya malemu aja. Mtsikanayo anayang'ana phazilo, anagwedeza mutu movomereza.

"Tiyi akubwera," anatero mayi ake ali kukhitchini. "Woponda ngodya amamwa wa shuga wambiri kapena wochepa?"

"Wochepa," anayankha Kamphepo iwo asanatsegule pakamwa. "Ndipo musandiuze kuti ndaphonya ndisanaphonye."

"Ine sindidziwa n'komwe kuphonya kumaoneka bwanji."

"Mudzadziwa," anatero mtsikanayo, nyimbo ikuyamba.