Kamzere ka Nazibowo

Kuntchito ankamutchula Nazibowo, chifukwa chaka chonse anangokhalira kuboola tizibowo tondondozana m'kachitsulo ka aluminiyamu. Ankati zibowozo zidzasonkhanitsa cheza cha ekisire pamalo amodzi, monga galasi limachitira ndi dzuwa, n'kupanga kamzere kowala.

Bambo ake, amene anakalambira pa ntchito yopala magalasi a maso, ankamuseka. "Mwanawe, galasi losonkhanitsa kuwala limatupa pakati. Chibowo n'chibowo basi."

"Cheza ichi n'chamakani, ababa. Chimafuna galasi lolowa m'kati, ngati khoma la pakati pa zibowo ziwiri. Mudzaona."

Mawu akuti "mudzaona" ndi amene ankamuwawa, chifukwa maso a bambowo anali kuzima. Makina aakulu a chezacho anamulola kuwagwiritsa ntchito m'mawa umodzi wokha. Ukadutsa, mpaka chaka chamawa, ndipo nkhalambayo ikanakhala itasiyiratu kuona.

M'chipinda cha makinawo munthu sakhalamo cheza chikayatsidwa. A Chidazi, oyendetsa makina, ankasuzumira m'makona monse, kukankha chitseko cholemera, belu n'kulira. Atayatsa, pakompyuta panaoneka chibanga chachikulu ngati chala chodinda. Nazibowo anasunthira kumbuyo kamera yojambula chezacho, chibanga chinachepa. Anasunthanso, chinachepanso. Kenako kamera inagunda khoma.

"Achemwali, kamzere kanu kakukathera kuseri kwa khomali," anatero a Chidazi. "Tigumule? Kuli chimbudzitu uko."

Nazibowo sanaseke. Mantha anamugwira, koma mutu unkagwira ntchito. Chibowo chilichonse chimapinda cheza pang'ono chabe, ndiye zikachuluka chezacho chikumana pafupi. M'chikwama mwake munali kachitsulo kake koyamba, kokandikakandika, kamene anakaboola pathebulo la bambo ake iwo akumugwirira nyale uku akung'ung'udza. Ankachita nako manyazi.

"Tsegulani. Tilumikiza tizitsulo tiwiri."

"Anzathu otsatira afika kale, ali pakhomo ndi katundu wawo."

"Adikire. Nthawi idakali yanga."

Anatiyika mondondozana. Ulendo woyamba chezacho chinasowa. Anawongola, chitseko, belu. Chibanga chija chinafinyika mpaka kusanduka kamzere kowala, kopyapyala ngati tsitsi, khoma lidakali patali. A Chidazi anangogwira dazi lawo. Nazibowo anaikapo kapulasitiki, nasiya chezacho chikawotche mpaka otsatira aja atayamba kugogoda.

Madzulo anapeza bambo ake pakhonde. Anawapatsa kapulasitikiko, iwo anakatembenuza, kukayandikitsa, kukatalikitsa, kusintha magalasi.

"Sindikuonapo kanthu, mwanawe."

Mtima wake unasweka. Anaona kuti wachedwa ndithu. Koma nkhalambayo inayamba kuyendetsa chikhadabo pamwamba pake, monga inkachitira pofufuza mng'alu pagalasi. Chikhadabo chinakodwa pakamzere kamene cheza chinawotcha. Anabwereza, chinakodwanso pomwepo.

"Zibowo zija?"

"Zomwe zija, ababa. Ndi kachitsulo kaja munandigwirira nyale."

Bambowo sanachotse chala pomwepo. "Ndiye bwanji unkaboola mokhotakhota? Mawa ubwere nako, ndikuonetse kupala."